Kope la Mlembi wa Nthambi Yathu ya ku Zomba

Loweruka lapitali ndinapereka kope. Ndi kope lachikuto cholimba, lakuda, lamsana wofiira, ndipo ndi lachitatu pa makope amene ndalembamo chiyambire pamene anzanga ogwira ntchito zamtokoma kuno ku Zomba anandisankha kukhala mlembi wa nthambi ya bungwe lathu. Chisankho chinayenda mwamtendere, ine sindinaimenso, ndipo udindowu wapita kwa mayi wina wachichepere amene anayamba ntchito ine nditamera kale imvi. Pobwerera kunyumba ku Matawale ndinamva chikwama changa chitapepuka paphewa, moti ndinaima panjira n'kuchitsegula, poganiza kuti ndataya kanthu.

Madzulo ake mnansi wanga, amene ndi mphunzitsi wopuma pantchito, anandifunsa funso limene ndakhala ndikufunsidwa kwa zaka zambiri. Iwo anati bungwe lathulo sanalimvepo pa wailesi, nanga limachita chiyani kwenikweni poti makalata anthu anasiya kulemba? Sindinawayankhe bwino tsiku limenelo chifukwa ndinali wotopa, koma funsolo linandigona m'mutu. Anthu ambiri akamva za bungwe la anthu apantchito amaona zikwangwani, masamba a mitengo pachipata ndi nyimbo za sitalaka, ndipo akapanda kuona zimenezi amati bungwelo linafa. Amene wagwirapo kope la mlembi amadziwa kuti ntchito yaikulu ya bungwe siimveka kutali, ndipo kawirikawiri imathera m'chipinda chotseka, pamaliro, kapena pa telefoni ya usiku yochokera kwa mnzathu amene ali yekha ku ofesi ya kumudzi.

Kuti munthu amvetse anthu amene maina awo ali m'kopemo, ayenera kukumbuka kuti Zomba ndi mzinda umene unakula ndi makalata. Kufikira mu 1975, pamene likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe, zikalata za boma zinkachokera kuno, ndipo ngakhale likulu litachoka, Nyumba ya Malamulo inatsalabe kuno mpaka m'zaka za m'ma 1990. Mphunzitsi aliyense m'dziko muno amadziwa keyala ya P.O. Box 191, ya bungwe loona za mayeso la MANEB, ndipo wophunzira aliyense amene analotapo zopita ku Chancellor College, imene lero ikutchedwa University of Malawi, anailoweza Box 280. Onjezanipo malo osindikizira zikalata za boma, nkhokwe ya zolembedwa zakale za dziko, ofesi yoona za kalembera wa anthu, asilikali a ku Cobbe Barracks, ndiponso ndende yaikulu, kumene kalata yochokera kwa mayi kumudzi inkakhala chuma choposa sopo. Zonsezi zinkadutsa m'manja mwathu. Pamene ndinkayamba ntchito, chipinda chosankhiramo makalata chinkanunkha fumbi la matumba ndi inki ya chidindo, ndipo mlendo ankatha kudziwa kuti galimoto ya makalata yafika pongomva kugunda kwa zidindo patebulo.

Tisanakhalepo ife kunali amtengatenga. Pamsewu wopita ku Blantyre, pa Namaka, pali kanyumba kamene kanali kopumirapo anthu onyamula matumba a makalata wapansi pakati pa mizinda iwiriyi, ndipo lero kanasanduka malo osungirako mbiri yawo. Chaka china nthambi yathu inasonkha ndalama ya minibasi n'kupita kukakaona. Achinyamata ankajambulana zithunzi, koma ine ndinaima pakhomo pake n'kudzifunsa kuti munthu wotero akatupa mwendo m'njira, kapena mvula ikamunyowetsera thumba, ankakadandaula kwa yani, ndipo ndani ankakhala pambali pake pamene bwana ankamufunsa chimene wachedwera. Tsamba la ulendo umenewo m'kope langa loyamba lili ndi mizere yochepa chabe, ndipo theka lake ndi mkangano wa mtengo wa mafuta.

Ufulu wokhala ndi bungwe loima palokha si wakale monga achinyamata amaganizira. M'nthawi ya chipani chimodzi mabungwe a anthu apantchito analipo m'dzina, koma ankayendera mawu a chipani, ndipo munthu ankayang'ana kaye kumbuyo asanatchule mawu akuti malipiro. Zinthu zinatembenuka mu 1992, chaka cha kalata ya maepiskopi, pamene a Chakufwa Chihana, amene anakulira m'mabungwe a anthu apantchito, anamangidwa atangotsika ndege mu Epulo, ndipo mwezi wotsatira ogwira ntchito pa kampani ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, moto n'kufalikira m'malo ena. Pambuyo pa riferendamu ya 1993, malamulo oyendetsera dziko a 1994 anazindikira ufulu wolowa bungwe, kenaka kunabwera lamulo la Labour Relations Act mu 1996, limene linakhazikitsanso khoti loona milandu ya pantchito, ndi la Employment Act mu 2000. M'zaka zomwezo nyumba yathu inagawika. Lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la 1998 linabala MACRA, bungwe loyang'anira ntchito zimenezi, ndipo mu 2000 ntchito za positi zinalekana ndi za matelefoni, uku kukhala Malawi Posts Corporation, uko Malawi Telecommunications Limited. Anthu amene ankamwera tiyi mu ketulo imodzi anadzuka ali ndi mabwana awiri osiyana. Banki ya ku positi ofesi, imene agogo athu ankasungako ndalama ndi kabuku kawo kaja, inali itachoka kale n'kukhala Malawi Savings Bank, yomwe pambuyo pake inagulitsidwa kwa eni banki ya FDH mu 2015.

Msonkhano wathu umayamba mochedwa nthawi zonse, ndipo ndasiya kuchita nazo manyazi, chifukwa wochokera ku Chingale kapena ku Mayaka sangalamule minibasi kuti inyamuke isanadzaze. Timatsegula ndi pemphero, ndipo poti kuno ku Zomba Akhristu ndi Asilamu timagwirira ntchito patebulo limodzi, tinagwirizana kalekale kuti akatsegula wa kutchalitchi atseke ndi wa kumzikiti, ulendo wotsatira n'kusinthana. Kenaka mlembi amawerenga zimene tinakambirana ulendo wathawo, ndipo apa ndi pamene ndinaphunzira kudzichepetsa, pakuti palibe chinthu chimene munthu amachikumbukira bwino kuposa mawu ake omwe, ndipo ukawalemba mopotoka adzakuimitsa pakati pa chiganizo. Msungichuma akawerenga za ndalama m'chipinda mumati zii, ngakhale amene anali kusinza amadzuka. Nkhani zotsatira n'zimene mnansi wanga sangazimve pa wailesi: majasi a mvula a anyamata operekera katundu, matayala a njinga, loko wa chitseko, tchuthi cha mayi woyembekezera, ndi kusamutsidwa kwa munthu amene ana ake ali pakati pa teremu.

Nkhani imene ndakhalira pansi nthawi zambiri ndi ya shoti. Amene sanagwirepo ntchito pa kauntala sangadziwe mmene mtima umagundira pamene dzuwa lapendeka, wawerenga ndalama kawiri, ndipo zimene zili m'kabati sizikugwirizana ndi zimene zili m'buku. Lamulo la Employment Act limanena kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mpata woyankhapo pa mlandu wake, koma mpata woyankhapo ndi wopanda phindu kwa munthu amene akunjenjemera moti sangathe kutchula ngakhale tsiku la mwezi. Ndikukumbuka mtsikana wina amene anali asanathe chaka pantchito, yemwe anandiimbira usiku akulira kuti ndalama zapelewera ndipo waitanidwa kukayankha. M'mawa mwake ndinamuuza kuti, "Mwanawe, usalumbire, usatchule dzina la munthu, tingopempha kuti tiwerenge malisiti onse limodzi." Akuluakulu amene ankamva nkhaniyo anavomera, ndipo tinakhala pansi maola angapo tikutembenuza mapepala mpaka tinapeza malisiti awiri atamatirirana, imodzi yosalowetsedwa m'buku. Ndalama sizinabedwe. Ndikanena zoona, si onse amene ndinakhala pambali pawo anali osalakwa, ndipo panali wina amene ndinamulangiza ndekha kuti avomere n'kupempha kubweza pang'onopang'ono, chifukwa bungwe likayamba kuteteza bodza limataya mawu ake pa tsiku limene likuteteza choonadi. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma sanati umuthandize kubisa machesi.

Masamba ambiri a makope anga ndi a zovuta. Mnzathu akamwalira, kapena akataya mkazi, mwamuna, mwana kapena kholo, nthambi imasonkha chipepeso, imatuma anthu, ndipo amayi athu amakagona kusiwa. Tinakwerapo malole kupita kumidzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, tinakankhapo galimoto m'matope cha ku Jali, ndipo ndinawerengapo mbiri ya munthu pamanda mvula ikundinyowetsera pepala. Odwala ogonekedwa m'chipatala timakawazonda ndi shuga, sopo ndi kandalama pang'ono. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, ena mwa anzathu makoma a nyumba zawo anagwa, ndipo tinasonkhanitsa zovala, ufa ndi mapepala apulasitiki mosadikira kuti likulu litiuze chochita.

Pa nkhani imeneyi ndi pamene tinakangana kwambiri m'zaka zanga zomaliza. Mnyamata wina wolankhula mosapsatira anaimirira tsiku lina n'kunena kuti iye sanalowe bungwe kuti adzagulidwe bokosi, koma kuti malipiro ake afike kumapeto a mwezi, ndipo ngati ntchito yathu ndi maliro basi, kuli bwino tidzitchule kuti komiti ya manda. Akuluakulu anakwiya, ena anati mwanayu alibe mwambo, koma ine ndinalemba mawu akewo monga anawanenera, ndipo mpaka lero ndimaona kuti theka lake linali loona. N'chapafupi kusonkha ndalama ya nkhata kusiyana ndi kukhala pansi kuwerenga ndime za mgwirizano wa pantchito, ndipo nthambi yaulesi imatha kubisala kuseri kwa chifundo. Theka linalo ndi limene iye sanalione: anthu amene sanasenzerane maliro sakhulupirirana pa tsiku lovuta, ndipo amene unamugwira dzanja kumanda ndi amene amadzuka m'bandakucha kudzakhala nawe pa mlandu. Mnyamata yemweyo tsopano ndi wachiwiri kwa wapampando, ndipo pa maliro apitawa ndinamuona atagwira fosholo.

Za malipiro sindinena zambiri, chifukwa zokambirana zake zimachitikira kulikulu ndipo ife a kunthambi timangotumiza maganizo athu n'kudikira. Chimene timachiona ndi maso ndi mmene ndalama imasungunukira m'thumba. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya shuga, mafuta ophikira ndi thiransipoti sinadikire kuti wina akambirane ndi wina. Kuyambira pamenepo nkhani ya katapila inalowa m'kope. Anzathu ena ankalandira pepala la malipiro lodzaza ndi ngongole, ndipo khadi lawo la kubanki limagona kwa wokongoza. Tinayambitsa banki mkhonde yathu, yosiyana ndi thumba la bungwe, ndipo ndinaumirira kuti mabuku awiriwa asagwiridwe ndi munthu mmodzi, ngakhale ena anaona ngati ndikunyoza msungichuma wathu, amene ndi munthu wokhulupirika. Tinapatulanso tsiku lophunzitsana za penshoni. Chiyambire lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, wolemba ntchito amayenera kuika 10 peresenti ndipo wogwira ntchito 5 peresenti, koma ndinadabwa kuona kuti ambiri mwa ife, amene tsiku lililonse timawerengera anthu ena ndalama mpaka tambala yomaliza, tinali tisanafunsepo pepala losonyeza zimene zasonkhanitsidwa m'dzina lathu.

Sitalaka imene anthu amaikonda kuitchula si chinthu chodzuka nacho m'mawa. Lamulo limafuna kuti mkangano uyambe wakaperekedwa ku unduna wa zantchito kuti ayese kuyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo zikakanika pamafunika chidziwitso cha masiku 7. Mu 2021 aphungu anasinthanso lamuloli, kulola wolemba ntchito kudula malipiro a munthu amene wanyanyala ntchito kupitirira masiku 3 pa chaka, ndipo MCTU, bungwe lalikulu la mabungwe a anthu apantchito, linadandaula nazo poyera. Ndinawerengera anzanga ndime imeneyi kawiri pamsonkhano, osati kuti ndiwaopseze, koma kuti amene akukweza dzanja adziwe chimene dzanjalo likulonjeza.

Pali tsamba limodzi limene sindinkafuna kuti mlembi watsopano aliwerenge, koma sindinaling'ambe. Zaka zingapo zapitazo tinatsegula gulu la pa WhatsApp, ndipo ine, poona kuti n'zachangu komanso zosadya ndalama, ndinasiya kulemba makalata oitanira anthu kumisonkhano. Ndinaiwala bambo wina wachikulire amene ankagwira ntchito ku ofesi yaing'ono ya kumudzi, kumene anali iye ndi mlonda basi, ndipo foni yake inali ya mabatani. Misonkhano inadutsa iye osabwera, ine n'kumalemba dzina lake m'gulu la osapezeka popanda chifukwa. Tinadzamva mochedwa kuti mkazi wake anadwala nthawi yaitali mpaka kumwalira, ndipo maliro anaikidwa popanda ngakhale mmodzi wa ife, pamene iye ndalama yake ya bungwe inkadulidwa mwezi ndi mwezi. Nditapita kukapepesa anandilandira bwino, anandiyalira mphasa, ndipo anangoti, "Achimwene, thumba la makalata limafika kuno sabata iliyonse, ndipo ndimalitsegula ndine." Sananene china. Ulendo wonse wobwerera ndinakhala chete pa kabaza, ndikuganiza kuti ife, anthu amene timadandaula kuti dziko laiwala kalata, ndife amene tinayamba kuiiwala kwa mnzathu. Kuyambira tsiku limenelo uthenga uliwonse wa nthambi umapita pawiri, pa foni ndi pa pepala.

Anthu a m'maofesi ang'onoang'ono ngati bambo ameneyu ndi amene ndimawaganizira pamene wina akunena kuti positi inatha. Ife a m'tauni tikakhala ndi vuto timatuluka pakhomo n'kupeza mnzathu, koma amene ali ku Chingale, ku Jali kapena ku Mayaka ndiye kalaliki, ndiye wosankha makalata, ndiye wowerengera agogo kalata imene sangathe kuiwerenga, ndipo ndalama zikapelewera palibe mboni. N'zoona kuti ntchito yachepa. Airtel Money ndi Mpamba zinatenga anthu amene ankabwera kudzatumiza ndalama, makampani a mabasi ndi ena onyamula katundu anatenga mitokoma yambiri, ndipo mabokosi ena pakhoma paja akhala nthawi yaitali osatsegulidwa. Sindinamizepo anzanga kuti masiku akale adzabwerera. Koma satifiketi, zikalata za kukhoti ndi katundu wogulidwa pa intaneti sizilowa m'foni, ndipo wamalonda amapita kokha kumene kuli phindu, pamene positi inakhazikitsidwa kuti ifike ndi kumene phindu kulibe. Ntchito imene MACRA inayamba yopereka maina a misewu ndi manambala a nyumba ikadzafika ponseponse, padzafunika anthu odziwa njira za ku Chikanda, ku Sadzi ndi ku Chinamwali, ndipo ndakhala ndikuuza achinyamata athu kuti pokambirana za tsogolo asamangopempha kuti ntchito zisathe, koma azipemphanso maphunziro a kompyuta ndi njinga zamoto.

Pa 9 Okutobala chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira tsiku la positi, chifukwa pa tsiku limeneli mu 1874 ndi pamene bungwe loona za positi pa dziko lonse, limene lero limatchedwa Universal Postal Union, linakhazikitsidwa mumzinda wa Bern. Chaka china, m'malo mongovala malaya ofanana n'kumwa zoziziritsa kukhosi, tinapita ku sukulu ina ya pulayimale ndi maenvulopu ndi masitampa. Ana a Sitandade 7 ankadziwa bwino kalembedwe ka kalata, keyala kumanja, tsiku pansi pake, moni ndi mawu otsiriza, chifukwa zimabwera pa mayeso, koma nditafunsa amene anaponyapo kalata, manja anakhala pansi. Mtsikana wina anamata sitampa kumbuyo kwa envulopu, pakamwa pake, poganiza kuti ntchito yake ndi kutseka. Tinawauza kuti aliyense alembere mnzake wa pa sukulu ina ya m'boma lomweli, ife tinanyamula makalatawo, ndipo patapita masabata angapo aphunzitsi anatiuza kuti mayankho atafika kalasi inasokonekera tsiku lonse. Ndalama ya masitampa amenewo inatuluka m'thumba la nthambi, ndipo panali amene anafunsa ngati zimenezi ndi ntchito ya bungwe. Funsolo lili m'kope, ndipo silinayankhidwe.

Popereka kopelo ndinamuonetsa mlembi watsopano masamba amene atsala, ndi envulopu ya kumapeto imene muli malisiti ndi mndandanda wa maofesi a kumudzi. Anandifunsa mwaulemu ngati ndingakhumudwe atayamba kulemba zokambirana pa kompyuta. Ndinamuyankha kuti alembe mmene angathere, bola asindikize n'kumata m'kopemo, chifukwa wapampando amasainira pa pepala, ndipo magetsi kuno sitipangana nawo. Kenaka tinatsegula tsamba lomaliza limene ndinalemba, pamene pali nkhani zotsalira. Yoyamba ndi ya majasi a mvula, imene ndinaipeza m'kope la amene ndinawalowa m'malo, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana pamwamba pa phiri. Anatenga cholembera changa, popeza chake chinali chitakana, n'kulemba tsiku la msonkhano wotsatira.